Kadamu ka Bambo

Mdzukulu wanga Tadala wabwera kuchokera kusukulu kuno kutsidya kwa nyanja, ku Springburn, ndi nkhani ya biva, kanyama konga ntchenzi kamene kamatseka mitsinje ndi mitengo ndi matope.

"Agogo, akuti kakangomva madzi akuthawa, sikapuma mpaka katamata," watero, Chichewa chake chikutsimphina.

Ndangomva fungo la matope a kudimba kwathu ku Ntcheu.

Bambo anali ndi kadamu ka dothi ndi udzu kothirira kabichi m'chilimwe. Nkhanu zinkakaboola pansi, ndipo bowo likapanda kupezeka msanga, madzi ankatha. Anzanga akamapita kusukulu, ine bambo ankanditenga kuti tikayende pakhoma lake. Matope ozizira ankatulukira pakati pa zala za kumapazi.

"Ukumva chiyani, iwe?" ankafunsa.

Ndinkaganiza kuti akungondiyesa. Munthu wamkulu angalephere bwanji kumva madzi akulira pansi pa mapazi ake? Masiku ena ndinkaloza pomwepo, iwo n'kugwada kumata. Masiku ena, belu la sukulu likalira kutsidya, ndinkayankha mokwiya kuti, "Palibe," ngakhale madziwo ndikuwamva.

"Chabwino, tiye," ankatero. Ndinkadabwa kuti sakundikalipira.

Chaka china kabichi anafota asanakulunge. Amayi anati damu lakalamba, ndipo bambo sanatsutse.

Tadala akufuna tikaone tinyamato Loweruka, koma ndamuuza kuti mawondo atopa. Ndinamera imvi ndisanazindikire kuti bambo sankandiyesa ayi. Makutu awo anali atayamba kale kufa, ndipo ankakhulupirira anga.