Alamu sali m'manambala

Ndinaganiza zopita ku England mwana wanga Tadala atangolowa Fomu 1. Malipiro a unamwino kwathu sakanamufikitsa patali, ndiye ndinamusiya ku Area 25 kwa achemwali anga ndi amuna awo, a Banda, ine n'kukayamba ntchito pachipatala ku Wolverhampton. Ndinkakhala ndekha m'kachipinda ku West Bromwich. Kusungulumwa kwake, ndinkachita kuyatsa wailesi kuti ndimveko mawu a munthu.

Tsiku lina m'mawa, m'tramu yodzaza, sitima ya m'tauni, mwamuna wina anandigwira mosayenera. Potembenuka ndinangoona msana wa jekete akutsika. Nditakanena kupolisi, anandifunsa mtundu wa munthuyo: mzungu, wakuda kapena mmwenye? Ndinati nkhope sindinaione. Anati ndingoyerekeza. Ndinakumbukira dzanja loderako, ndipo poti kwathu aliyense wa khungu lotero timangoti mmwenye, ndinatero. Analemba. Munthuyo sanagwidwe mpaka lero.

N'chifukwa chake mtima unkandiwawa anzanga akamaonetsana mafoni pa buleki, ati manambala a kupolisi akusonyeza mtundu umene umagwirira akazi kwambiri. "Manambala sanama, sisita," anatero mnzanga wa ku Dedza. Sanama bwanji? Mwina imodzi mwa manambalawo ndi kuyerekeza kwanga kuja. Nanga akazi amene sanapondeko kupolisi, owalakwira analembedwa mtundu wanji?

Achemwali nawo pafoni ankandichenjeza: "Uzisamala ndi amwenye akumeneko, tikumva zambiri. Za kuno usadere nkhawa, mwana ali bwino." Ine ndalama kumangotumiza mwezi ndi mwezi. Mauthenga a Tadala ankangofupikirafupikira: "Ndili bho, mami." Ndinkati ndi kukula.

Nditabwera kutchuthi, tikuchapa kuseri kwa nyumba, mwanayo anandiuza zimene a Banda ankamuchita achemwali akapita kumsika. Mkwiyo unandigwira moti sindinkaonanso bwino.

Achemwali ankadziwa. Anandikokera kuchipinda n'kutseka chitseko. "Mng'ono wanga, za m'banja sitipita nazo kupolisi. Alamu akowa ndi mkulu wa mpingo. Tikhale pansi, apepese, zithe."

Ndinawafunsa ngati akanati tikhale pansi, wochita zimenezi akanakhala mlonda kapena mlendo wa pagolosale. Pamenepo ndinazindikira kuti nafenso timawerenga alendo okha. Alamu, amalume, a kutchalitchi, amenewo timawakwirira ndi chipepeso, ndipo sadzalowa m'manambala a wina aliyense.

Masana omwewo ine ndi Tadala tinakwera kabaza wa kupolisi. Ntchito ya ku England ndinaisiya, tikuchita lendi ku Area 49 podikira khoti. A Banda ali pa belo. Pamaliro a amalume mwezi watha, a Bandawo anawapatsa mpando kutsogolo. Ine ndi mwana wanga palibe anatipatsa moni.