Buku limene amalume analisuta

Ndikukumbukira tchuthi cha chaka chimene ndinamaliza Sitandade 5, nthawi ya Chitaganya, Chipata tikumutchabe Fort Jameson. Kalelo sukulu tinkatsekera m'nyengo yachisanu. Tsiku lotsekera, aphunzitsi athu a Chingerezi, a Daka, anatiitana ife amene ankati tili ndi mitu, natibwereka aliyense buku lanthano. Langa linali lonenepa ngati njerwa. Anati nkhani yake ikuchitikira kudziko lotentha kutsidya kwa nyanja, ndiye ndikamawerenga chisanu sindichimva. Lamulo linali lakuti potsegulira ndidzabweze bukulo ndi kufotokozera kalasi mmene nkhani inathera. Wolephera sadzakhudzanso buku la m'kabati mwawo. Kwa ine, mtsikana wokonda mabuku kuposa chakudya, chimenecho chinali chilango choposa chikwapu.

Kwathu cha ku Chipangali ndinapeza mtedza ukundidikira. Ndinkawerenga madzulo, nditaweruka kumunda ndi kudambo. Za kufunda zija a Daka anandinamiza. Anthu a m'bukumo ankangopukuta thukuta ndi kudandaula dzuwa, ine mano akugundana, mapazi atang'aluka. Ndipo wolembayo analibe changu, abale. Ndinadutsa pakati mnyamata ndi mtsikana a m'nkhaniyo asanakumane n'komwe, iye akungofotokoza za ntchentche, mitengo ndi makolo awo.

Ndikaleka kuwerenga ndinkatsomeka bukulo kutsindwi kwa khonde. Pakhondepo ndi pamene ankaothera dzuwa amalume anga a Yotamu, amene anali atangobwera kumene kuchokera ku Walale, mzinda wakutali kumene anakhalitsa akuphikira azungu.

Patapita milungu ndinaona kuti buku likuwonda. Ndinaganizira chiswe, kenako makoswe. Koma tsiku limene awiri aja anakwera sitima imodzi, ine mtima uli m'malere kuti tsopano akumana, ndinatembenuza tsamba n'kupeza chikuto. Kutsogolo kunalibe kanthu. Nditadzutsa mutu ndinaona amalume ndi anzawo akusewera nsolo pansi pa mtengo wa mango, aliyense ali ndi ndudu pakamwa, ndipo ndudu iliyonse inali ndi zilembo za Chingerezi. Anali akupichira fodya wa chingambwe ndi mapeto a nkhani yanga.

Mwana wa mlongo sakalipira malume wake. Ndinadikira kuti anzawo apite, ndinagwada chapatali misozi ili mbwembwembwe, ndi kuwauza kuti bukulo linali la aphunzitsi. Iwo sanaone cholakwa. Anati pepala lofewa choncho sanalionepo ngakhale ku Walale, ndipo anachita kusamala kuti asandisokoneze.

"Iwe umayambira kutsogolo, ine kumbuyo. Munda waukulu amaulima mbali ziwiri, mphwanga."

Nditafotokoza za lamulo la a Daka, anaseka mpaka kutsokomola. Anati ndisade nkhawa, pakuti Chingerezi cha kukhitchini anali nacho, ndipo sanayatsepo tsamba asanaliwerenge. Nkhani yonse inali m'mutu mwawo. Anandikhazika pamphasa n'kuyamba kundiuza mwandondomeko, monga mmene anaisutira. Poyamba, iwo anati, awiriwo anamanga ukwati wa phwando lalikulu. Kenako anakhululukirana pa mlandu wosadziwika. Kenako anayambana, wina n'kupita kutali osalemba kalata. Pamapeto pake anapezana pa sitima, n'kupatsana moni ngati anthu osadziwana.

"Buku labwino," anatero, "lonena zoona."

Ine ndinabisa kuseka. Ndinangothokoza, ndi kupita kuseri kwa nkhokwe kukaitembenuza nkhaniyo kuti mutu ubwerere kumutu.

Potsegulira ndinaimirira pamaso pa kalasi ndi kufotokoza bwinobwino, kuyambira pa sitima mpaka pa ukwati. A Daka anagwedeza mutu mokhutira, natambasula dzanja. Atalandira bukulo analiyesa kulemera kwake, analitembenuza, kenako analinunkhiza. Anafunsa kuti mapeto ndawadziwa bwanji pamene masamba ake kulibe. Ndinanena zonse mmene zinalili. Kalasi inagwa ndi phwete, ndipo iwonso anatulukira panja kanthawi, ati kukalavula. Pobwera anagamula kuti nkhani ndakhoza, koma buku ndalephera. Monga chilango ndinazula chitsa kuseri kwa sukulu, ndipo kabati ija inanditsekekera chaka chonse. Zinandiwawa kwambiri, ndipo amalume ndinawasungira mkwiyo nthawi yaitali.

Nkhaniyi ndinkaikamba pa maukwati ndi pa maliro pomwe, anthu n'kumaseka umbuli wa munthu wowerenga buku chobwerera. Tsiku lina, ndili kale ndi ana, ndinaikamba mayi anga ali pomwepo. Iwo sanaseke. Anandiuza kuti mchimwene wawoyo anapita ku Walale atangokwatira, anakhalitsa osatumiza mawu, ndipo pobwera anapeza mkazi wawo ali pabanja lina m'mudzi woyandikana nafe. Awiriwo ankakumana panjira ya kudambo, mkaziyo n'kupatuka, kugwada, kupereka moni wa mlendo.

Lero ndikudziwa kuti masamba omwewo sauza anthu awiri nkhani imodzi, chifukwa aliyense amabwera ndi yake. Ine ndinali mwana, ndinkathamangira ukwati wa kumapeto. Amalume ukwati anali ataupitirira kale, ndipo sanalakwitse powerenga.