Ndikubisala M'munda wa Tiyi Chifukwa cha Filimu

Tsikulo pa Chitakale tinalipo ine, a Mukhito okonza njinga, alamu anga a Namame, ndi mwana wanga Lameki. Lameki anatiwerengera pa foni kuti kukubwera filimu ya chimphona chouluka, koma ambiri akukayika ngati idzatheke.

Ine, munthu wosadziwa kukhala chete, ndinakuwa: "Itheka! Akujambulira m'phiri lathuli, ndipo wowalondolera njira ndine!"

Pakamwa pangapa! Nkhani inafika mpaka kutchalitchi. Ino ndi sabata yachitatu ndikuvala jekete m'mamawa, kulowera kuphiri anthu akuona, n'kukabisala m'munda wa tiyi, mawondo akuphwanya.

Dzulo ndinamuchonderera Lameki: "Mwanawe, chonde, kawauze anthu kuti ojambula aja aisiya filimuyo."

Iye anayang'ana foni ija. "Bambo, apa alemba kuti idzatuluka chaka chamawa. Mukhala m'tiyimo mpaka liti?"