Tsiku Limene Njoka ya Malemu Inadya

Amuna anga anamwalira kuzizira kutangoyamba. Anandisiyira nyumba ya zipinda ziwiri ku Highfield, kuno kudziko la eni, njinga yopanda tcheni, ndi njoka.

Njokayo ndi yofiirira, yopanda ululu, mtundu uja umalowa m'nyumba kusaka makoswe. Malemu ankasamalira maluwa kumayadi, ndipo tsiku lina akutchetcha udzu anaidula nsonga ya mchira mosadziwa. Pobwerera kunyumba anakwera nayo kombi, minibasi ya kuno, ili m'thumba la ufa, anthu osadziwa kanthu. Ine ndinakalipa mpaka mawu kutha. Iwo anangoti, "Ndaipweteka ndine, mayi. Ikachira ipita." Inachira, koma sinapite. Anaikhomera bokosi lamatabwa, kutsogolo galasi la windo lakale, mkati mchenga, kambale ka madzi ndi phale la mphika wosweka loti izibisalamo.

Ankaidyetsa Loweruka masana. Msampha ankatchera kuseri kwa chimbudzi. Njokayo ankainyamula ndi manja, kuiika m'beseni lathu lalikulu loyera, n'kuiponyera kakhoswe kakufa. Lamulo lawo linali limodzi: "Njoka saidyetsera m'nyumba mwake. Ikazolowera, dzanja lililonse lolowamo iziliyesa khoswe." Ine ndinkaonerera ndili pakhomo, tsache m'manja.

Titaika maliro, achibale anagawana zovala ndi katundu wa malemu monga mwa mwambo. Beseni lija linagwera mchemwali wawo wa ku Warren Park. Za njoka palibe anatchula. Amayi a mpingo anangofunditsa bokosilo chitenje, n'kumalilambalala.

Anthu atabalalika ndinatsala ndi njoka. Ndinatchera msampha monga ndinkaonera. Kuigwira ndi manja sindikanatha, choncho ndinaikola ndi mtengo n'kuiika m'chidebe. Inangozungulira, kukwawa m'mbali kufuna potulukira. Khoswe sinamuyang'ane n'komwe. Ndinayesa m'bafa lochapira, chimodzimodzi. Masabata anadutsa. Inayamba kuonda, khungu la m'mbali n'kuchita makwinya.

Ndinakwera kombi kupita ku Warren Park kukapempha beseni, poganiza kuti mwina yazolowera fungo lake. Mchemwali wa malemu anandilandira bwino, koma anapukusa mutu. "Alamu, chimene chatuluka pa maliro sichibwereranso m'nyumba. Inunso mukudziwa." Ndinkadziwadi. Ndinabwerako chimanjamanja.

Lachitatu kunabwera alamu anga aakulu, achimwene a malemu, amene ndi mkulu wa mpingo. Anakhala pampando, chipewa pabondo, maso pa chitenje chija.

"Alamu, chinthu chija mukadali nacho?"

"Ndili nayo, bambo. Koma sikudya."

"Ndamva. Mzere wonse uno wa nyumba ukudziwa. Akuti ikukana chakudya chifukwa ikulira mbuye wake, ndipo mukudziwa zimene akutanthauza. Kuyambira kale anthu kuno amati ife Achimalawi tili ndi mankhwala. Nyaradzo, mwambo uja wokumbukira malemu, yayandikira. Sindikufuna kuti anthu adzadzaze pabwalo pano kudzatipepesa, kwinaku akunong'onezana kuti mng'ono wanga anali mfiti. Loweruka ndibwera ndi khasu."

"Nanga ikadya?"

Anaseka pang'ono. "Ikadya ndiye kuti ndi nyama basi, ngati nkhuku. Ndiisiya. Koma sidya imeneyo."

Atachoka ndinavundukula bokosi n'kukhala pansi. Njoka inali itadzipinda m'phale mwake, kamutu kokha kakuonekera. Amuna anga sanali mfiti. Anali munthu amene anapweteka kanthu n'kumva chisoni. Ndikanalola khasu lija, ndikanavomereza bodza la anthu.

Nzeru inandibwerera Lachisanu ndikumwa tiyi. Chimwalirireni malemu, anzanga ankandiitanira chakudya kwawo kuti ndisakhale ndekha. Ndinkapita, koma pakhosi sipankadutsa kanthu. Ndikabwerera kunyumba, kukhala pa kampando kanga kukhitchini, mpamene ndinkadya. Ndiye njoka iyi, yozolowera manja ofunda a munthu mmodzi, ine ndikuikola ndi mtengo, kuiponya m'chidebe chozizira, n'kumati idye? Ndinayang'ana chithunzi cha malemu pakhoma n'kunena mokweza, "Bambo, mundikhululukire. Lamulo lanu ndiliswa."

Loweruka m'mawa msampha unali utagwira kakhoswe kakang'ono. Ndinakokera bokosi pawindo pamene dzuwa limalowera, kuti mchenga ufunde. Khosweyo ndinamuviika m'madzi ofunda, n'kumupukuta. Ndinatenga waya wopinda uja timatembenuzira chimanga pamoto kuti dzanja langa lisayandikire.

Alamu anafika dzuwa lili pamutu, khasu paphewa. Analitsamiritsa pakhomo.

"Beseni mulibe, ndiye mudyetsera pati?"

"Momwemo, m'nyumba mwake."

"Mng'ono wanga ankaletsa zimenezo."

"Ankaletsa. Khalani pansi, bambo, ndipo musatsokomole."

Ndinagogoda chivundikiro cha bokosi ndi supuni, n'kutsegula pang'ono. Ndinatsitsa khoswe ndi waya mpaka pakhomo pa phale, n'kumugwedeza pang'onopang'ono. Palibe chinachitika. Mkono unayamba kuwawa. Panja ana ankamenya mpira, wogulitsa masamba akukuwa mumsewu. Alamu anausa moyo, n'kuyang'ana khasu lawo.

Kenako lilime linatuluka. Linabwerera, linatulukanso. Mutu unasuntha. Ndisanaphethire, waya unagwedezeka m'dzanja langa, khoswe palibe. Njoka inali itamukulunga thupi lonse. Inamugwira choncho kanthawi, kenako inafunafuna mutu n'kuyamba kumeza, pang'onopang'ono, mpaka mchira unalowa ngati ulusi.

Sindinadziwe kuti ndaimirira liti. Ndinangomva nthungululu ikutuluka pakamwa panga, yoyamba chiikireni maliro. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe anasuzumira pampanda. "Chii, amai? Kwagwanji?"

"Yadya! Bwerani mudzaone mfiti yanu ikumeza khoswe wa kuchimbudzi!"

Anabwera, anaima patali, n'kuona chotupa pamimba pa njoka. "Maiwe! Ndiye ingobwera kwanga, makoswe andithera ufa."

Alamu anali atagwada pagalasi, chipewa chili pansi. Podzuka anapukuta m'maso n'kunena kuti, "Akanakukalipirani, alamu."

"Akanakalipa. Koma khasu lanu lisabwerere chabe. Bedi langa la repu kuseri uko lauma."

Analima bedi lonse, jekete atapachika pampanda.

Pa nyaradzo sindinafunditse bokosi. Amene ankafuna kuona anaona, ndipo alamu eni akewo ndi amene ankafotokozera anthu za mchira wodulidwa uja.

Mpaka lero ndimaidyetsera m'nyumba mwake. Ndikagogoda ndi supuni imadziwa kuti ndi chakudya. Ndikafuna kusintha madzi sindigogoda, ndimasamba m'manja ndi sopo, ndipo imangondiyang'ana. Inandilumapo tsiku lina nditagwira khoswe osasamba, ndiye malemu sananame konse. Kunali ngati kubayidwa ndi kaminga. Tsopano ndimainyamula ndi manja, ndipo yanenepa moti phale lija linachepa. Ndinachita kuswa mphika wina.