Waya wobiriwira wa a Zakeyu

Amene akufuna kuseka a Zakeyu akasekere kwawo. Bambo amene aja athyola tiyi mpaka msana kupindika, chiperoni chili pamutu, osabako ngakhale tsamba limodzi. Vuto lawo ndi manja basi. Sakhazikika.

Amakhala chikamwini kwa Khwethemule, m'nyumba imene anasiya apongozi awo, malemu kalaliki wa kuesiteti. Ya magetsi, eya, koma magetsi amakedzana: bokosi lakuda bii ndi utsi, mafyuzi adothi, mawaya ofundula ngati njoka. Kuseri kunali kawaya kobiriwira kotsika ndi khoma n'kulowa pansi. A Zakeyu anakayang'ana, n'kuti aka sikayatsa babu, sikaimbitsa wailesi, kakungokhalapo. Dengu lawo lothyolera tiyi linali litabooka kunsi. Anakadula, n'kusokera dengu.

Kuyambira pamenepo akazi awo a Eneless akangokhudza poto pa kuka yamagetsi, dzanja linkachita dzanzi mpaka m'phewa. A Zakeyu anati ndi nyamakazi. Mayi anamwa mapiritsi, anathowa ndi madzi otentha, koma ayi ndithu.

Chaka chino a Ben, achimwene awo a Eneless, anabweretsa mwana wawo Mervin, wodziwa zamagetsi, kuti azule zakalezo, aike mawaya atsopano ndi bokosi la mabureka. A Ben ndiwo mwinimbumba, ndipo sasekerera. Mkamwini wina anamulongedzetsa chifukwa cha mowa chabe. Nanga wofuna kuwaphera mlongo wawo?

Mervin anazungulira kuseri, n'kubwerako nkhope itasintha.

"Azakhali, waya wa efi uli kuti? Ndi umene umathawitsira moto pansi. Ukasowa, moto umadzera mwa munthu. Kuka iyi ikanakuphanitu."

"Nanga si nyamakazi?" anafunsa a Eneless.

"Nyamakazi yake iti? Magetsi amenewo!"

A Ben anadzuka pampando. "Wadula ndani?"

Inu, dengu lija linali lende pakhonde pomwepo, kumbuyo kwa mutu wa a Ben, kawaya kaja kakuoneka mbee. A Zakeyu anangoti maso pa dzanja la akazi awo, dzanja limene lakhala likuwaphikira likuchita dzanzi.

A Eneless anaona dengu, n'kuona amuna awo.

"Ndi makoswe, achimwene."

"Makoswe okhala ndi pulayazi? Taonani kadulidwe kake, chemwali!"

"A kuno ndi ochenjera. Mwabwera kudzakonza magetsi kapena kudzazenga milandu pakhomo panga?"

A Ben anatembenuka pang'onopang'ono. Dengu analiona, asakunamizeni munthu. Anayang'ana mlongo wawo, amene sanaphethire n'komwe, n'kukhalanso pansi.

"Mervin, maliza ntchito tizipita."

Alendo atachoka, a Zakeyu anaima pakhomo la khitchini, chipewa chili m'manja.

"Mayi a Joy, ine sindinadziwe kuti..."

"Ndikudziwa kuti simunadziwe. Mukanadziwa, bwenzi nditakulongedzerani ndekha. Chokani pakhomopo, mukunditchingira."

A Zakeyu pamudzi anatsala, katundu sananyamule. Koma a Ben akamadutsa pa njinga amafuula anthu onse akumva: "Alamu! Makoswe ali bwanji?"

A Zakeyu amayankha maso ali pansi, "Ali bwino, alamu."