Ndinapita ku Mozambiki ndi dzina la pa khadi la ufa

Inu owerenga, ine ndine wamtima wapachala, sindibisa. Mtima umenewu unanditulutsa sukulu ndili sitandade 5, ndipo ndi womwewo unanditayitsa mwana wanga. Koma anayamba ndi Che Saidi, ndipo mpaka lero sindinawakhululukire.

Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki, kwathu ku Chiponde kunadzaza anthu othawa kwawo. Mwa iwo ndinakwatira Asiyatu, tinabereka mwana wamkazi, Patuma. Che Saidi anali amjomba ake a mkazi wanga, mwini mbumba. Ankadya nsomba zanga, kukwera njinga yanga, n'kumandiyamika pagulu kuti mkamwini ndi ameneyu. Nkhondo itatha, ine ndili kunyanja ku Chembe kokoka khoka la chilimira, munthu yemweyo anakweza mkazi wanga ndi mwana wanga pa lole yobwezera anthu kwawo. Ndinafika ndi thumba la usipa n'kupeza chitseko chomanga ndi luzi.

Sindinakhale pansi ngakhale kumwa madzi. Mayi anga anandigwira malaya, akuti, "Mwanangu, yamba wafunsa anthu, dziko la eni limenelo." Ndinachotsa dzanja lawo. Ndinamanga chikwanje pa njinga, chinangwa cha masiku awiri, basi ulendo. Asiyatu ankakonda kuloza phiri n'kumati kwawo ndi kuseri kwake, ndiye ine ndinkayesa ngati kuchoka ku Namwera kutsikira ku Boma.

Abale anga, Mozambiki si Mangochi. Kuseri kwa phiri kuli phiri lina, kuseri kwa limenelo tchire loyenda tsiku lonse osaona utsi. Linali dzinja, milatho anaigumula pa nkhondo, njinga ndinkachita kusenza powoloka mitsinje. Kupatuka pamsewu kufuna chidule sikunkatheka chifukwa cha mabomba okwirira. Nditapitirira Mandimba makwacha anga ankangowayang'ana ngati masamba, ndipo patsogolo Chiyao changa chinatha ntchito, anthu akuyankha m'Chimakuwa ndi Chipwitikizi.

Mudzi uliwonse ndinkafunsa Saidi Bwanali. Tsiku lachisanu ndinapeza bambo wina akufolera nyumba, amene anakhalako kwathu kuno. Anaseka mpaka udzu unamugwa m'manja.

"Achimwene, limenelo ndi dzina la pa khadi la ufa, lolandirira chakudya cha othawa nkhondo. Ine kwanu ndinali ndi mayina atatu kuti ana adye. Dzina lake lenileni ndani? Kwa mfumu iti? Amamwa mtsinje uti?"

Zaka zinayi ndili ndi mkazi m'nyumba, sindinafunsepo.

Ndinachoka pamenepo magazi akuwira, n'kukagwera pa chipata cha asilikali. Anafuna pepala laulendo. Ife ku Chiponde timawoloka kupita kumsika opanda pepala, ndiye ndinalibe. M'malo mopepesa ndinamutukwana mmodzi m'Chiyao, osadziwa kuti ndi Myao mnzanga. Atapeza chikwanje zinthu zinaipiratu. Anandimenya, analanda njinga, anandisenzetsa miyala yokwirira maenje a pamsewu kwa milungu itatu. Ndinabwerera wapansi, malungo ali m'thupi, mapazi atang'ambika.

Chimene chimandiwawa koposa zibakera ndi ichi. Nditafika, mayi anandiuza kuti Asiyatu sanapite mwakufuna kwake. Anasiya uthenga kwa Abiti Jafali, mayi wachikulire wothawa nkhondo amene ankakhala nyumba yachitatu kuchoka pa yanga, kuti adzandinong'oneze ine ndekha: dzina lenileni la amjomba ake, mudzi, ndi njira yake. Abiti Jafali anandidikira milungu iwiri, lole yawo inabwera, nawonso anapita. Ponyamuka anawauza mayi anga, koma mayi sadziwa kulemba, ndipo mayina achilendowo anawasokonekera. Nyumba yachitatu, inu! Ndikanangokhala pansi n'kumwa madzi, bwenzi Patuma ali pano.

Ndiye inu amene mukufuna kulowa dziko lalikulu koyamba, musanyamuke tsiku limene mwakwiya. Zungulirani kaye mudzi wanu womwe, funsani aliyense amene anachokera kumeneko, mulembetse dzina la munthu, la mfumu yake ndi la mtsinje. Dikirani mvula ithe. Tengani pepala, ndipo pakamwa muzipasunga mukaona mfuti. Munthu akakuuzani kuti kwawo ndi pafupi, mufunseni kuti anagona kangati panjira pobwera.

Ine tsopano pepala ndili nalo, ndipo amalonda owoloka pa Chiponde akundiphunzitsa Chimakuwa pang'onopang'ono. Aliyense wochokera uko ndimamufotokozera nkhope yanu, Che Saidi, kaya dzina lanu ndi liti. Mwana wanga akukula osadziwa mawu a bambo ake chifukwa cha inu. Chilimwe chikubwerachi ndiyenda modekha, mudzi ndi mudzi, mpaka ndidzaime pakhomo panu. Patuma ndidzamutenga masana, mbumba yanu yonse ikuona.