Seva Imene Anaikweza pa Kabati

Kwathu kuno kuchigwa, mvula ikangolimbikira kumapiri sitidikira kuuzidwa. Chilichonse chimakwera m'mwamba: matumba a mapira, mabulangete, ngakhale nkhuku. Ndiye sindiwadzudzula anzanga a pa kachipatala kena ka kumudzi. Atamva kuti madzi akubwera, anazula mawaya a seva, kompyuta yaikulu yosunga mbiri ya odwala, n'kuikweza pa kabati. Pachipatalapo madziwo sanafike n'komwe. Koma anaizula ili mkati mokopera zinthu zake ku disiki yapadera, ntchito imene timaitcha bakapu.

Ataitsitsa inayaka bwinobwino. Patapita masabata inangouma gwa! Apo m'pamene anandiimbira ine, woyendera makompyuta a m'zipatala pa njinga yamoto.

Ndinafika dzuwa likuswa mtengo, malaya atamata kumsana. Pakhonde panali mayi wina amene ankalephera kukhazikika. Akhale pa benchi, aimirire, ayang'ane cha kumtsinje, akhalenso. Asisita oyang'anira chipatalacho anandikokera pambali.

"Achimwene, chonde fulumirani. Mayiwa mwana wawo amagwa khunyu, mankhwala atha. Buku lakuchipatala linapita ndi madzi kwawoko. Dzina la mankhwala sakulidziwa, mlingo wake sakuudziwa, ndipo ine sindingalote."

"Mwanayo ali kuti?"

"Amusiyira aneba, kutsidya."

Vuto la sevayo ndinaliona msanga, ndipo mtima unandipweteka. Mkati mwa seva muli kompyuta ina yopanda thupi, ndiyo imasunga odwalawo. Bakapu ikamayamba, imamanga kaye disiki yakale, zatsopano n'kumazilemba pambali, monga mayi womanga thumba la chimanga n'kumathira chatsopano m'beseni. Bakapu ikatha, za pambalizo zimabwezeredwa. Chimenecho timati sinapushoti. Apa bakapu inafera panjira, beseni lija linakhala likudzaza mpaka malo onse kutha.

Ndinailamula sevayo kuti iphatikize za m'beseni ndi za m'thumba. Inakana, akuti disiki ndi yokiyidwa. Yokiyidwa ndi ndani? Ndinafufuza thukuta likudonthera pa mabatani, kufikira n'tapeza kuti pulogalamu ya bakapu inali itagwirirabe disikiyo, ikudikira kumaliza ntchito imene inafa kalekale. Ndinaimasula. Ndinasamutsa zithunzi za misonkhano zimene wina anazitutira m'menemo kuti papezeke malo. Kenako kamzere kosonyeza kuphatikiza kanayamba kuyenda.

Kuyenda kwake, abale! Ndinatuluka, ndinalowa. Ndinamwa madzi ofunda a m'ndowa. Ndinakasuzumira mafuta mu jenereta, poopa kuti magetsi akangothima zonse ziwonongekeratu. Ndinabwerera, kamzere kali pomwepo.

"Bwanji osangochifufuta chinthu chadzaza malocho?" anatero asisita ali pakhomo.

"Ndikachifufuta, aliyense amene mwamulemba chitsitsireni makinawa wasowa. Ndipo akale omwe mwina sitiwaonanso."

"Nanga kuizimitsa n'kuiyatsanso?"

"Asisita, musayerekeze kukhudza waya umenewo!"

Ndinatero mokalipa. Mayi uja anasuzumira pawindo. Anandifunsa m'Chisena ngati zatheka. Ndinati pang'ono, mayi, pang'ono pokha. Anapukusa mutu. "Nkhabe, baba," anatero pokana, n'kufotokoza kuti mtsinje ukudzaza, mwini bwato wanena kuti ulendo wotsatira ndi womaliza. Ndinamupempha kuti apirire. Ndinkanena ndikudziwa kuti makinawo sindingawakankhe ngakhale pang'ono.

Kumapiri kunachita mdima, mphepo n'kuyamba kukupiza malata. Kamzere kanafika pafupi ndi kumapeto n'kuimanso, ngati kakundiseka. Ndinaluma chala. Ndinapemphera, ndinatukwana chamumtima, zonse nthawi imodzi.

Kenako kanatha. Kompyuta yamkati ija inadzuka, odwala onse ali momwemo. Asisita analemba dzina la mwanayo, mankhwala ndi mlingo wake n'kutulukira poyera. Anathamangira kosungira mankhwala, anathira mapiritsi m'kapepala, tonse n'kutuluka pakhonde.

Pa benchi panalibe mayi uja.

Ndinalanda kapepalako, ndinaliza njinga yanga, kuterereka m'matope mpaka padooko. Bwato linali litadutsa kale pakati pa mtsinje, madzi ofiira akulikankhira kumunsi. Ndinakuwa, ndinakweza dzanja. Mayiyo anacheuka ndipo anandiona. Anaimirira, anthu n'kumukokera pansi kuti angagubuduze bwato.

Ndinafunsa asodzi amene ankakokera mabwato awo kumtunda ngati alipo angandiwolotse. Mkulu wina anayang'ana madziwo, anayang'ana kapepala m'dzanja langa.

"Lero ayi, bambo. Mwina mkuja."